Lamba wa zomera m'mphepete mwa mitsinje: chitetezo cha minda yathu ndi nyanja ya Niassa

Mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, mitsinje yotsika m'mapiri a chigawo cha Niassa imasanduka yofiira. Munthu amene waima pagombe ku Metangula, ku Meponda kapena ku Cóbuè amaona matope akulowa m'nyanja ndi kufalikira kutali ndi matsiriro a mtsinje. Matope amenewa ndi nthaka yapamwamba ya minda yathu, imene inali ndi chonde, manyowa ndi feteleza wogula ndi ndalama. Mlimi wakumtunda amataya chonde, wakudimba amataya malo pamene gombe la mtsinje likugumuka, ndipo msodzi amapeza nsomba zochepa.

Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kusiya lamba wa mitengo, zitsamba ndi udzu m'mbali zonse ziwiri za mtsinje. Nkhani ino ikulongosola tanthauzo la lamba ameneyu, mmene amagwirira ntchito, zimene malamulo a dziko la Moçambique amanena, zomera zoyenera kubzala ndiponso mmene banja lodalira dimba lingayambire popanda kutaya chakudya chake.

Lamba wa zomera n'chiyani?

Lamba wa zomera ndi malo osalimidwa amene amatsatira mtsinje, khwawa, kasupe, dambo kapena gombe la nyanja, kuyambira pamene pamafika madzi mpaka pamene payambira munda. M'malo amenewa simugaulidwa, simutenthedwa ndipo ziweto sizidyamo mwachisawawa. Zomera zake zikhoza kukhala zachilengedwe zimene zasiyidwa kuti ziphukirenso, kapena zochita kubzala, kapena zonse pamodzi.

Si chinthu chachilendo kwathu kuno. Akuluakulu amakumbukira mitsinje imene inali ndi mikuyu, mbawa ndi ming'ona mbali zonse, madzi ake ozizira ndi oyenda chaka chonse. M'midzi yambiri munali mwambo woletsa kudula mitengo pakasupe ndi pamsitu. Anthu atachuluka ndipo malo olima atachepa, minda inafika mpaka m'madzi, mitengo inapita ku makala, ku nkhuni, ku zigafa za fodya ndi ku mabwato, ndipo magombe anatsala opanda chowagwira.

Kumene madzi athu amathera

Nyanja ya Niassa, imene anzathu a ku Malawi amaitcha nyanja ya Malawi ndipo a ku Tanzania amati Nyasa, ndi ya maiko atatuwa. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo pamene pali pakuya kwambiri pamafika mamita pafupifupi 700. Mitsinje yambiri imathira m'nyanjayi, koma wotulukamo ndi umodzi wokha, Shire, umene umakathira mu Zambezi. Madzi ambiri amachoka m'nyanjayi mwa nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo. Zimenezi zikutanthauza kuti matope, feteleza ndi mankhwala zikalowa m'nyanja, zimakhalitsa momwemo zaka zambiri.

Mbali ya Moçambique ili ndi mapiri otsetsereka amene ali pafupi kwambiri ndi gombe. Mitsinje yake, monga Lunho ndi Cóbuè, ndiponso timakwawa tambirimbiri, ndi yaifupi ndipo madzi ake amathamanga. Dothi likakokoloka kumtunda silichedwa kufika kunyanja.

Kum'mwera kwa chigawochi, m'maboma a Mandimba ndi Mecanhelas, kuli nyanja zina zosaya: Amaramba, kumene kumachokera mtsinje wa Lugenda, Chiuta ndi Chilwa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, kenaka inatsala pang'ono kuphweratu mu 2018. Nyanja zosaya ngati zimenezi zimavutika msanga ndi matope, chifukwa dothi lililonse lolowamo limachepetsa malo a madzi. Choncho zimene tikunena pano zikukhudza alimi a madera onsewa, ngakhalenso a ku Angónia ndi Tsangano, amene mitsinje yawo yambiri imalowera ku Revúbuè ndi Zambezi.

Mmene lamba amagwirira ntchito

Ntchito yoyamba ndi kugwira gombe. Mizu ya mitengo imalowa pansi ndi kulukanalukana, pamene mizu ya udzu ndi bango imagwira dothi lapamwamba. Mtsinje ukadzaza, madzi amagunda mizu ndi mapesi m'malo mokumba dothi lopanda kanthu. Pamene palibe zomera madzi amakumba kunsi kwa gombe, dothi lapamwamba n'kugwera m'madzi, ndipo chaka ndi chaka mtsinje umadya munda.

Ntchito yachiwiri ndi kusefa madzi ochokera m'minda. Madzi othamanga amanyamula dothi lambiri. Akafika pa udzu wothithikana amachepa liwiro, ndipo mchenga ndi dothi zimatsala pomwepo. Gawo lina la feteleza ndi ndowe zimene madziwo anatenga limagwiritsidwa ntchito ndi zomera za m'lamba m'malo mokathera mumtsinje.

Ntchito yachitatu ndi kulowetsa madzi pansi. Masamba ogwa ndi mizu yowola zimafewetsa nthaka, kotero madzi a mvula amalowa m'malo mongodutsa. Madzi olowa pansiwa ndi amene amatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe, kudyetsa akasupe, zitsime ndi madimba mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi imene madzi amasowa kwambiri.

Ntchito yachinayi ndi mthunzi. Madzi a pamthunzi amakhala ozizira, sauma msanga ndipo amasunga mpweya wokwanira nsomba. Masamba, zipatso ndi tizilombo togwa kuchokera m'mitengo ndi chakudya cha nsomba ndi nkhanu.

Ubale wa mtsinje ndi nsomba za m'nyanja

Nyanja ya Niassa imadziwika padziko lonse chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse. Chifukwa cha chuma chimenechi, mu 2011 boma la Moçambique linakhazikitsa malo otetezedwa pambali yathu ya nyanjayi, ndipo m'chaka chomwecho nyanjayi ndi gombe lake zinalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar loteteza madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse.

Madzi akuya kwambiri a nyanjayi alibe mpweya, ndipo nsomba sizikhalako. Nsomba zambiri zimakhala ndi kuswana m'madzi apamwamba ndi osaya, kufupi ndi gombe, kumene matope a mitsinje amafikira poyamba.

Mpasa, sanjika ndi ntchila zimakwera m'mitsinje kukaswana. Mpasa ndi sanjika zimaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi oyenda. Matope akakwirira timiyalato, mazira amasowa mpweya n'kufa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nsombazi zachepera m'mitsinje yambiri, pamodzi ndi kutchinga mtsinje wonse ndi mono kapena maukonde pa nthawi yoswana ndi kuthira katupe m'madzi. Kutsidya kwa nyanja, mtsinje wa Bua umadziwikabe ndi mpasa, ndipo chigawo chake chakumunsi chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, kumene magombe ake ali ndi mitengo.

Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala. Matope akaphimba miyala ndi kudetsa madzi, dzuwa silifika pansi ndipo chakudya chawo chimachepa. Chambo chimakumba zisa zake pansi pamchenga, ndipo ana ake amabisala m'bango ndi m'zomera za m'madzi osaya. Bango la pamatsiriro a mtsinje likadulidwa lonse kapena kutenthedwa, ana a nsomba amasowa pothawira. Feteleza wochuluka akalowa m'madzi odekha amalimbikitsanso ndere zobiriwira ndi namasupuni, zimene zimatseka madooko ndi kusokoneza usodzi.

Zimene malamulo amanena

Lamulo la malo la mu 1997, Lei de Terras, Lei n.º 19/97, ndi ndondomeko yake ya mu 1998, Decreto n.º 66/98, amatchula malo ena kuti zona de protecção parcial, kutanthauza malo otetezedwa amene ntchito zina zokha ndizo zimaloledwamo. Mwa malo amenewa muli awa:

Mamita 50 m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja zoyendamo mabwato, kuyeza kuchokera pamene madzi amafika akadzaza kwambiri.

Mamita 100 kuzungulira akasupe, kumene madzi amatumphukira.

Mamita 250 kuzungulira madamu akuluakulu ndi nyanja zake.

M'malo amenewa munthu sangapatsidwe DUAT, chiphaso cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Chimene chingaperekedwe ndi chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Lamulo la zachilengedwe la m'chaka chomwecho, Lei n.º 20/97, limaletsanso kuipitsa madzi ndi kuchita ntchito zofulumizitsa kukokoloka kwa nthaka ndi kutha kwa nkhalango.

Timitsinje tating'ono ndi makwawa, momwe simuyenda mabwato, ndimo mumadutsa dothi lambiri lochokera m'minda. M'malo otere chitetezo chimadalira kwambiri mgwirizano wa mudzi, mafumu ndi alimi eni ake.

Kodi lamba akhale wamkulu bwanji?

Palibe muyeso umodzi woyenera paliponse. Kukula kwa lamba kumadalira kutsetsereka kwa malo, mtundu wa dothi ndi kukula kwa mtsinje. Pamalo athyathyathya m'mbali mwa kamtsinje kakang'ono, yambani ndi mamita 10 mpaka 15 mbali iliyonse. Pamalo otsetsereka, padothi lamchenga ndi pokhota mtsinje, pamene madzi amagunda gombe mwamphamvu, onjezerani mpaka mamita 20 kapena 30. Pamtsinje waukulu, pagombe la nyanja ndi pakasupe tsatani muyeso wa lamulo.

Poyeza musayambire pamene pali madzi m'chilimwe. Yambirani pamene madzi amafika mvula ikachuluka. Zinyalala zokodwa m'mitengo, mchenga wotsala ndi zokumbukira za akuluakulu zimasonyeza malire amenewa. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Amene akhala m'mbali mwa nyanja anaona mu 2024 madzi akukwera ndi kumiza nyumba ndi minda pamalo pamene anthu ankati nyanja inachokapo kalekale. Ngati mulibe tepi, phazi lalitali la munthu wamkulu ndi pafupifupi mita imodzi.

Lamba wabwino amakhala ndi magawo atatu. Gawo loyamba lili pagombe penipeni. Apa pakhale bango, mlulu, gumbwa ndi mitengo yokonda madzi, ndipo pasalimidwe kapena kudulidwa mitengo. Gawo lachiwiri lili pakati. Apa pakhale mitengo ndi zitsamba zopatsa phindu, monga nsungwi, mitengo ya zipatso ndi ya nkhuni zochita kusadza nthambi. Gawo lachitatu lili kumalire ndi munda. Apa pakhale mzere wothithikana wa vetiva kapena nsenjere, umene umayamba kulandira madzi a m'munda ndi kugwira dothi.

Zomera zoyenera ndi zosayenera

Mitengo yachilengedwe ya m'mitsinje ndiyo yoyenera koposa, chifukwa inazolowera kumizidwa kwa masiku angapo. Ina mwa iyo ndi mkuyu, katope kapena nyowe, mng'ona, mbawa, mwimbi, msopa, msikidzi, kanjedza ndi chiwale. Chakumtunda pang'ono nsangu ndi mthethe zimachita bwino. Nsangu ili ndi ubwino wapadera: imayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero siphimba mbewu, ndipo masamba ake amaonjezera chonde.

Nsungwi zimagwira gombe mwamphamvu ndipo zimapereka zomangira, zolukira malichero, madengu ndi nkhokwe. Vetiva ali ndi mizu yolowa pansi mamita awiri kapena kuposerapo, ndipo mtundu umene alangizi amagawa sufalikira m'munda wokha. Nsenjere ndi chakudya cha ng'ombe ndi mbuzi, koma imafuna kudulidwa kawirikawiri kuti isalowerere m'munda.

Bulugamu musamubzale pakasupe, padambo kapena pagombe la kamtsinje. Amamwa madzi ambiri chaka chonse, ndipo pansi pake udzu sumera bwino. Malo ake ndi kumtunda, kutali ndi madzi. Ombwe, amene ena amati mthuthu, ndi wabwino pobwezeretsa chonde m'munda, koma masamba ake amapha nsomba, choncho akhale kutali ndi mtsinje. Nthochi ndi nzimbe zikhoza kukhala m'gawo lapakati kapena lakumunda, koma pazokha sizigwira gombe lalitali chifukwa mizu yake ndi yosazama. Chinangwa ndi mbatata zisafike pagombe, popeza kukumba pokolola kumasiya dothi lofukuka pamene mvula ikubwera.

Kabzalidwe ndi nthawi yake

Njira yotsika mtengo kwambiri ndi kusamalira mphukira. Pamagombe ambiri zitsa ndi mizu ya mitengo yakale zikadali zamoyo. Mukasiya kulima ndi kutentha, zimaphukira. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu ndi zowongoka, zinazo n'kudula. Mitengo yotere imakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu yake ndi yokhazikika kale.

Kuyambira Meyi mpaka Julayi, madzi atatsika, yendani m'mbali mwa mtsinje pamodzi ndi anansi anu ndi mfumu. Onani pamene gombe lagumuka, pamene pali zigwembe ndi pamene pali mphukira. Khomani zikhomo zosonyeza malire a lamba. Nthawi yomweyi lambulani njira yotchinga moto kumbali ya kumtunda, udzu usanaumitsitse.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala konzani nazale pafupi ndi madzi, koma pamalo osasefukira. Njere za mbawa ndi za katope sizisungika nthawi yaitali, choncho zifeseni mukangotola. Mkuyu umamera ndi nthambi zodula zokhwima. Nsungwi zimachulukitsidwa pogawa tsinde lokhala ndi mizu yake.

Mu Disembala ndi Januwale, mvula itakhazikika ndipo nthaka itanyowa bwino, wokerani. Maenje a mitengo akhale osachepera masentimita 30 m'lifupi ndi kuya kwake, ndipo mitengo ikuluikulu italikirane mamita 3 kapena 4. Pagombe penipeni, pamene madzi osefukira angakokolole mbande, ndi bwino kudikira mpaka madzi atayamba kutsika, dothi likadali lonyowa.

Pobzala vetiva, gawani phata kukhala timagulu ta mapesi awiri kapena atatu, dulani masamba kuti atsale masentimita 15 mpaka 20, ndipo bzalani motalikirana masentimita 10 mpaka 15 mumzere wopingasa chitunda. Mzere wokhala ndi mipata sugwira ntchito, chifukwa madzi amasonkhana pampatapo n'kukumba ngalande. Pobzala nsenjere, dulani phesi lokhala ndi mfundo zitatu, ziwiri zikwiririke ndipo imodzi itsale kunja.

Mu Febuluwale ndi Malichi bwererani kukapakiza pamene zafa ndi kupalira mozungulira mbande. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira ndizo zofunika chisamaliro chachikulu. Mbande zambiri zimafa ndi moto, mbuzi ndi chiswe, kuposa zimene zimafa ndi chilala.

Pamene gombe lagumuka ndipo laima ngati khoma, liseni kaye kuti likhale lopendekeka, kenaka bzalani mizere ya vetiva kapena bango kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mtengo wobzalidwa pamwamba pa gombe lokumbika kunsi umagwa pamodzi ndi gombelo.

Nanga madimba?

Ili ndilo funso lalikulu, ndipo siliyenera kuzembedwa. Mabanja ambiri amadalira dimba la m'mbali mwa mtsinje. M'menemo ndi mmene mumachokera chimanga chachiwisi cha nthawi ya njala, tomato, kabichi, anyezi, nyemba ndi mpunga, ndiponso ndalama za sukulu ndi za kuchipatala. Kuuza banja la munda waung'ono kuti lisiye mamita 30 tsiku limodzi n'kulilanda chakudya.

Komabe dimba lofika m'madzi ndilo limayamba kupita mtsinje ukasefukira. Anthu a ku Tete, Zambézia ndi kum'mwera kwa Malawi anaona zimenezi pa namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, pamene minda ya m'mbali mwa mitsinje inakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga. Mamita ochepa amene mwasiya pagombe amateteza dimba lonse lotsala.

Njira yotheka ndi kuyamba pang'onopang'ono. Chaka choyamba siyani mamita 3 mpaka 5 pagombe, mubzalemo bango, vetiva kapena nsenjere, ndi kusiya mphukira zikule. Chaka chilichonse bwererani m'mbuyo ndi mzere umodzi kapena iwiri. Madzi afikitseni kudimba ndi ndowa zothirira, pampu yopalasa kapena yoyendera dzuwa, kapena ngalande yochokera kumtunda. Chitsime chothirira chikumbeni kunja kwa lamba. Phimbirani mabedi ndi udzu kapena mapesi ndi kuthira manyowa kuti chinyezi chikhalitse. Dimba laling'ono losamalidwa bwino likhoza kubweza zimene zatayika pagombe.

Lamba nayenso amabweretsa phindu. Nsenjere imadyetsa ziweto m'chilimwe. Bango lodulidwa mosinthanitsa malo limapereka mphasa ndi mipanda. Vetiva amafolera nyumba. Ming'oma ya njuchi imakhala bwino m'mitengo ya m'mbali mwa madzi, ndipo njuchizo zimathandiza maungu, nyemba ndi zipatso kubereka. Chofunika ndi kugwirizana poyamba kuti zokolola za m'lamba ndi za banja limene munda wake wagundana ndi malowo. Munthu sasamala mtengo umene akudziwa kuti wina adzadula.

Ziweto, moto ndi zilombo

Ng'ombe zikamamwa paliponse zimaponda gombe ndi kuligumula. Mudzi usankhe malo amodzi kapena awiri omwetsera, pamene gombe lili lotsika ndi lolimba, ndipo pathiridwe miyala. Malo omwetserawa akhale kumunsi kwa potunga madzi akumwa. Mbande zitchingidwe ndi minga mpaka zitatalika kupitirira pamene mbuzi imafika.

Moto wolusa ungawononge m'tsiku limodzi ntchito ya zaka zitatu. Osaka mbewa ndi nyama, otentha mapesi ndi ofula uchi ndi moto adziwitsidwe malire a lamba, ndipo njira yotchinga moto ilambulidwe chaka chilichonse.

Pamitsinje ndi magombe pamene pali ng'ona ndi mvuu, anthu amaopa kuti bango lowirira limabisa zilombo. Mantha amenewa ndi omveka. Padooko, potunga madzi, pochapa ndi powolokera pakhale poyera ndi pooneka bwino mbali zonse, ndipo ngati n'kotheka pamangidwe mpanda wa mitengo yolimba m'madzi. Malo ochepa otere saononga ntchito ya lamba, malinga ngati gombe lotsalalo lili ndi zomera.

Zimene lamba sangathe payekha

Lamba amasefa madzi obwera mofalikira. Madzi akabwera m'chigwembe kapena m'ngalande ya msewu, amangodutsa ndi dothi lake lonse. Choncho ntchito iyambire kumtunda: mizere yopingasa chitunda motsata akalozera, mizere yotseka, kusiya mapesi m'munda osatentha, kutchinga zigwembe ndi miyala, zikhomo ndi vetiva, ndiponso kusunga mitengo m'mapiri.

Lamba sachotsa mankhwala othiridwa m'madzi mwachindunji. Musatsukire sipuleya kapena mabotolo a mankhwala a mbewu mumtsinje, ndipo musapopere mankhwala pafupi ndi madzi. Kumene anthu amakumba golide, monga ku Lupilichi, kutsukira dothi mumtsinje kumadetsa madzi mtunda wautali, ndipo mekyule amene ena amagwiritsa ntchito ndi poizoni kwa anthu ndi nsomba. Kukumba mchenga ndi kuumba njerwa pagombe kumafooketsanso gombelo.

Lamba sayeretsanso madzi mpaka kukhala oyenera kumwa. Mliri wa kolera umene unafalikira m'dziko muno kuyambira mu Seputembala 2022 unayamba kuoneka m'boma la Lago. Zimbudzi zikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera kumtsinje kapena kuchitsime, anthu asadzithandizire m'tchire la m'mbali mwa madzi, ndipo madzi akumwa aziphitsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. Kukodzera m'madzi kumafalitsanso likodzo.

Ntchito ya mudzi wonse

Mtsinje umadutsa minda ya anthu ambiri. Wina akasamala gombe lake koma mnzake wakumtunda n'kulima mpaka m'madzi, matope amafikabe kwa onse. M'madera a m'malire, mtsinje umodzi ukhoza kuyambira dziko lina n'kukathera lina, monga Mnembo umene umachokera ku Moçambique n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Mabanja a mbali zonse ziwiri ndi pachibale, amalankhula chinenero chimodzi ndipo amakumana m'misika ndi pamaliro. Mafumu a mbali ziwirizi angathe kukambirana ndi kuika malamulo ofanana a mtsinje wawo.

Mgwirizano wa mudzi unene momveka zinthu izi: kukula kwa lamba pamalo aliwonse, zololedwa kukolola ndi nthawi yake, malo omwetsera ziweto ndi otunga madzi, wosamalira nazale, ndiponso chilango cha wotentha kapena wodula mitengo. Amayi, amene amatunga madzi ndi kulima madimba ambiri, akhale nawo pokambirana. Banja limene likutaya gawo lalikulu la munda wake liganiziridwe mwapadera, ngati n'kotheka lipatsidwe malo ena.

Amene akufuna uphungu, mbewu ya vetiva kapena thandizo loyambitsa nazale afunse kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo kapena ku ofesi ya SDAE, Serviço Distrital de Actividades Económicas, ya boma lawo. M'midzi ya asodzi muli makomiti a CCP, Conselho Comunitário de Pesca, ndipo m'madera ambiri muli makomiti oyang'anira zachilengedwe. Makomiti amenewa akamakhala pamodzi ndi alimi akumtunda, nkhani ya mtsinje ndi ya nyanja imakambidwa pabwalo limodzi.

Zotsatira siziwoneka tsiku limodzi. Mzere wa vetiva umayamba kugwira dothi m'dzinja loyamba kapena lachiwiri, nsungwi ndi mphukira zimafuna zaka zingapo, ndipo mbawa adzadula ndi ana kapena adzukulu. Kuti mudziwe ngati ntchito ikuyenda, khomani chikhomo cholimba mamita angapo kuchokera pagombe ndi kuyeza mtundawo chaka chilichonse mvula ikatha. Onaninso kuchuluka kwa dothi lotsala kuseri kwa mzere wa udzu, masiku amene madzi amatenga kuti ayere mvula ikagwa, ndiponso mwezi umene mtsinje umaphwa. Lembani zimenezi m'kope la komiti, kuti pamsonkhano wa chaka chamawa mudzi udzaone pamene pakufunika kuonjezera.